Zitini Makumi Awiri za Mayi Chete

Kwa amuna awo a malemu, ana awo ndi achibale onse, komanso kwa aliyense amene uthengawu umupeze,

Ife a Bungwe la Aphunzitsi a Nyimbo m'Sukulu za Pulayimale talandira modzidzimuka ndi mosweka mtima uthenga wa imfa ya mnzathu, amene ana asukulu ndi ife tomwe tinazolowera kuwatchula kuti Mayi Chete. Masabata awiri okha apitawo tinali nawo pamsonkhano, akutidzudzula monga mwa nthawi zonse kuti timalongolola kwambiri m'kalasi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anadziwa kuti kudzudzula kumeneko kunali kutsanzika.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu malemuwa anaphunzitsa ana kumvetsera asanawaphunzitse kuyimba, pakuti ankati, "Mwana amene sanamve sayimba, amangokuwa." Phunziro lawo linkayamba ana atatsinzina, ali zii, kenako aliyense ankanena zimene wamva: belu la njinga kumsewu, tsache pakhonde, m'mimba mwa mnzake mukulira. Ankagunditsa khutu la mwana padesiki, iwo n'kumagogoda mbali ina, kuti mwanayo abwereze kagogodedweko. Koma chimene chinawadziwitsa kwa ambiri ndi zitini zamkaka makumi anayi, zomata pakamwa, zopakidwa penti wa mtundu umodzi, zopanda chizindikiro chilichonse. Zinali ziwiriziwiri: ziwiri za mchenga, ziwiri za misomali ing'onoing'ono, ziwiri za mabatani, mpaka mitundu makumi awiri. Mwana aliyense ankatenga chimodzi n'kumayendayenda akukhutchumula, kufikira atapeza mnzake wa chitini cholira ngati chake. Ana amene anadutsa m'manja mwawo lero ndiwo amatsogolera makwaya, ndipo ena mwa iwo ndi aphunzitsi m'bungwe lino.

Tivomere kuti poyamba tinkawakayikira. Mlangizi wa maphunziro wa dera lathu atalemba lipoti lakuti m'kalasi mwawo munali phokoso ndi kutaya nthawi basi, ife a bungwe tinapinda manja. Manyazi amenewo tidakali nawo.

Uthenga wa chipepeso si malo oweruzira milandu, tikudziwa. Koma tikanakhala onyenga tikanapepesa ndi pakamwa, chinthu chikutiswa mtima.

Patatha masiku atatu chichitikire maliro, mwana wawo wamkulu wamkazi anapita kusukulu kukatenga katundu wa mayi ake. Kabati anaipeza yokhoma, loko ali bwinobwino. Atatsekula ndi kiyi wa m'chikwama cha malemu, anapezamo zitini makumi awiri zokha. Kiyi wina wa kabatiyo amakhala mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, ndipo atawafunsa iwo anayankha osamuyang'ana kumaso: "Pepani mayi, mwina ana anasewera nazo. Ana a masiku ano mukuwadziwa."

Mwana wa malemuyo anakulira m'nyumba momwe zitinizo zinamatidwira, choncho anakhala pansi pomwepo n'kuzikhutchumula chimodzichimodzi. Kenako anabwera kwa ine. "A wapampando," anatero, "palibe ziwiri zolira mofanana. Chilichonse chatsala chokha."

Tiyeni tiganize pamodzi, abale. Mwana wosewera amangotola zimene dzanja lagwira. Amene anatenga zitinizi anali munthu wamkulu, amene anapeza nthawi yokhala pansi, kukhutchumula zitini zonse makumi anayi, n'kusankha chimodzi pa mtundu uliwonse, poganiza kuti zinazo n'zongobwereza ndipo palibe amene adzazindikire. Ha! Anali ndi khutu lokwanira kusankha, koma sanadziwe kuti phunziro lonse lagona pa chitini chachiwiricho. Munthu ameneyo sanakhalepo m'kalasi la Mayi Chete mpaka belu kulira.

Sitikuloza munthu chala. Tingonena kuti Lachiwiri lapitali tinalandira kalata yotiitanira ku maphunziro a mwezi wamawa, a "njira yatsopano yophunzitsira ana kumvetsera pogwiritsa ntchito zitini." Wodzaphunzitsa ndi mlangizi uja wa lipoti la phokoso, amene anthu anamuona akulowa mu ofesi ya aphunzitsi aakulu tsiku limene ife tonse tinali kumaliro. Kalatayo ndaiwerenga katatu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo dzina la malemu mulibe. Mwina zinthu zangokumana. Zimatero nthawi zina. Koma galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ine pa ntchito ino ndakalambirapo.

Nditawafotokozera amuna awo a malemu, anati, "Zitini n'zitini, a wapampando, ndine ndinkawathandiza kumata. Amene wazifuna atenge. Koma mayi a ana angawa anatukwanidwa chifukwa cha ntchito imeneyi ali moyo. Musalole kuti alandidwenso ntchitoyo ali m'manda." Mawu amenewa atipweteka tonse, ndipo sitikufuna kuti atipole msanga.

Kwa inu bambo, kwa inu ana ndi achibale, m'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, amene ambiri mwa iwo anaphunzira kutseka pakamwa ndi kutsekula makutu chifukwa cha mayi anu, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa, akutonthozeni pamene mawu athu alephera, ndipo mzimu wa malemu uuse mumtendere.

Ndipo popeza chipepeso cha pakamwa chokha sichikwana, nali lonjezo lathu. Banja latibwereka zitini zotsalazo. Wakutsina khutu ndi mnansi: amene ali ndi zinazo akhoza kuzisiya pakhomo pa banjali mwezi uno usanathe, ndipo sitidzamufunsa kanthu. Zikapanda kubwera, tsiku la maphunzirolo tidzakhala pa mipando yakutsogolo aphunzitsi makumi awiri, aliyense chitini chake m'manja, ndipo wophunzitsayo akadzatulutsa zake tidzamupempha mwaulemu kuti tikhutchumule pamodzi. Zathu zikadzapanda kupeza zinzake, ineyo ndidzaimirira n'kupepesa pamaso pa onse, udindo uno n'kuutula. Koma zikadzalira mofanana, palibe adzatuluke m'chipindamo asanalembe dzina la mayi anu pamwamba pa kope lake.

Ndine wanu wolira nanu pamodzi,

Wapampando
Bungwe la Aphunzitsi a Nyimbo m'Sukulu za Pulayimale