Uwajambule amayi ako ndi kamera yanga

Balbriggan, Dublin

Mwana wanga Fredson,

Landira moni kuchokera kuno kozizira. Kodi mukudzuka bwanji kumudziko, nanga bondo la amayi ako lija? Akulemba ndi mlongo wako Daphne, ndipo ndamuuza kuti asakonze mawu anga.

Ine thupi lili bwino, koma maso akufooka. Adokotala akuti ndi ng'ala, ndipo odikira opareshoni ndi ambiri. Nkhope za anthu m'sitima zayamba kuoneka ngati zili kuseri kwa utsi.

Loweruka Daphne ananditengera ku Rathmines. M'sitolo ina ndinapeza kamera yopinda, yofanana ndi yanga ija ndinkazungulira nayo maukwati a ku Mitundu panjinga. Mwini sitolo anadabwa kundiona ndikuitsegula osafunsa. Ndinagulako filimu. Towera, mnzake wa Daphne, akubwera kumudziko mwezi uno, ndipo akubweretsera filimuyo.

Pempho langa ndi limodzi. Zithunzi za pafoni umatumizazi zimawasalaza amayi ako ngati mtsikana wa pakalendala. Si amene ndinawasiya pa eyapoti. Tulutsa kamera yanga m'sutikesi ya pansi pa bedi, uwajambule nayo.

Mvetsera bwino. Dina kabatani ka m'mbali, chitseko chitseguka, diso la kamera lituluka lokha ndi chikopa chake chopindapinda. Usalikoke. Suzumira pa kazenera kakumbuyo. Pakati pake pali kabwalo kachikasu, ndipo m'menemo amayi ako uwaona awiri. Usaganize kuti yawonongeka. Kutsogolo kuli timazenera tiwiri, kalikonse kakuwaonera mbali yake. Zunguza kagudumu pang'onopang'ono, diso lako lili pa ndolo yawo, mpaka awiriwo alowane akhale mmodzi. Ukaona choncho, mtunda wakwana. Gwira mpweya, udine kabatani kojambulira.

Usawauze kuti amwetulire, amaumitsa nkhope ngati ya pa chiphaso. Uwauze kuti ndati tiyi wa kuno amaposa wawo. Akakweza chibwano kuti akuyankhe, jambula pompo. Nkhope imeneyo ndiyo ndaisowa.

Filimu usaitsegule padzuwa. Umupatse Towera, tidzatsukitsa kuno chithunzi chachikulu. Usachedwe, mwana wanga, ndikufuna kuwaona maso akadalipo.

Undiperekere moni kwa mpongozi wanga, adzukulu onse ndi amalume ako. Amayi ako uwauze ukatha kujambula kuti za tiyi ndanama.

Ndine bambo ako,
Augustine Kamphinda