Maminutu Asanu Amene Munapempha

FELIZARDA SAMSONI, amake Adelino
Anabadwira ku Meluluca mu 1961, anatisiya ku Metangula pa 9 Agosto 2003

Amake Adelino, lero zakwana zaka makumi awiri ndi ziwiri chitisiyireni. Wolemba ndine mwamuna wanu Arlindo, ndipo ndiyamba ndi kudzitama monga munandizolowera: gombe lonse lino palibe munthu amene anajambula nkhope zambiri kuposa ine. Ndinachoka kwathu ndi thumba limodzi la usipa wouma, ndinagulitsa mawotchi ku Beira, ndinatsuka magalimoto ku Joni, ndipo mu 1996 ndinatsika chapa, minibasi ya kwathu kuno, pamsika wa Metangula nditakolekera paphewa kamera ya kaseti imene ena anaiyesa mfuti. Maukwati amene ndinajambula amapitirira mazana atatu. Maubatizo sindinawerenge n'komwe. Koma taonani chithunzi chili pamwambapa. Ndi chokhacho chimene katswiri yense uja wakwanitsa kupeza cha mkazi wake, ndipo ana athu mpaka lero amatsutsana ngati mukuseka kapena mukutsinzina ndi dzuwa.

Munasowa m'makaseti anga chifukwa munkaima kumbuyo kwanga. Kumidzi kunalibe magetsi, choncho batire ya galimoto munkaisenza ndinu, pa nkhata ya kapulana, chitenje chanu chija, chingwe chake chikutsika mpaka pa kamera. Kumene ndalowera ine, inu pambuyo, osatalikira, poti chingwecho chinali chachifupi. Anthu ankaseka kuti Arlindo wamanga mkazi ngati mbuzi, inu n'kuwauza kuti ayang'anitsitse womangidwayo ndi uti. Munkandinong'oneza mayina a azakhali amene angasunge mangawa ndikawadumpha. Ndikayamba kusimbira alendo za nyumba zosanja za ku Joni, munkandikoka malaya n'kundikumbutsa kuti batire siimva nkhani, ikutha.

Pa zaka zonsezo munandipempha chinthu chimodzi: maminutu asanu. Munkafuna muvale yunifomu yanu ya amayi a mpingo, mukhale pampando pansi pa mango wa pakhomo pathu, mutchule mayina a makolo anu mmodzimmodzi kuti adzukulu adzawamve kuchokera pakamwa panu. Ine ndinkayankha kuti makaseti amachokera kutali ku Nampula, ndi a makasitomala. Tsiku lina ndinakuuzani kuti mudikire ndigule kamera yoposa imeneyi, pakuti mkazi wa Arlindo sajambulidwa ndi chilichonse. Munaseka, n'kunena kuti mudikira. Malungo anakutengani m'masiku anayi.

Zithunzi zanu ziwiri zapapepala zinaonongeka mu 2015, mphepo itasasula denga mvula ili pakati. Apo ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo, kupempha makaseti amene ndinajambulira anthu. Ambiri ndinawapeza atachita nkhungu yoyera ndi chinyezi cha kunyanja. Ena ana anali atawamasula kalekale. Ku Maniamba ndinapeza ukwati wathunthu atauzunguliza pamitengo m'munda, fita yake, kalamba kakuda ka m'kaseti kaja, ikunyezimira kuopseza mbalame. Makaseti makumi anayi amene ankazungulirabe ndinawaonera onse, ndipo ndinapezamo mthunzi wanu kawiri, dzanja lanu kamodzi. Yotsiriza inali ya ukwati wa a Reinaldo ndi a Nelsa a ku Nkholongue, wa 1998. Tsiku limenelo munatula batire pansi kuti mukadzutse mwana amene anagwa pakati pa ovina, ndipo munadutsa kutsogolo kwa kamera. Masegundu khumi ndi limodzi.

Apa ndinalakwanso. Ine amene ndinkalangiza makasitomala kuti asamaimitse kaseti pamalo amodzi chifukwa makina amapala fita, ndinkaimitsa pankhope panu m'mawa uliwonse. Kubweza, kuimitsa, kubwezanso. Patapita miyezi, mzere woyera unabadwa pachipumi panu n'kuyamba kutsika. Ndinakupalani ndi maso anga.

Ndinathamangira nayo ku Nampula kwa a Yeremiya, amene amasamutsa makaseti akale kuwaika mu kompyuta. Ndinawauza kuti ndayenda maiko, ndikudziwa kuti makina a masiku ano amaonetsa ngakhale mamba a usipa, ndiye andibwezere mkazi wanga. Anagwira ntchito masiku atatu. Kenako anandikhazika pansi n'kundifotokozera ngati mwana wa msodzi. Anati kaseti ili ngati ukonde wa maso akuluakulu: imagwira chithunzi ndi mizere yowerengeka, ndipo chaching'ono chilichonse chimapyola. Inu munadutsa chapatali. Maso anu, mpata wa pakati pa mano anu, kachipsera ka pachibwano kamene munakapeza pogwa m'bwato muli mtsikana, zonsezo zinapyola tsiku lomwelo la ukwati. Kufiira kwa kapulana wanu kunasefukira pakhosi mpaka patsaya. Anatinso makina atsopano amasunga bwino zimene wawapatsa, ukopere kambirimbiri sizisintha, koma sangavuule nsomba imene ukonde sunagwire.

Chimene chinatuluka choyera ndi mawu. Pa masegundu amenewo nyimbo ikumveka, nthungululu zikumveka, ndipo pamwamba pa zonse pakumveka ine, pafupi ndi kamera, ndikukukalipirani kuti muchoke kutsogolo mukuononga filimu ya anthu. Mawu amenewo sadzachita nkhungu. Adzukulu a adzukulu athu adzawamva monga ndinawayankhulira.

Keti, mwana wa Madalena wathu, sanakuoneni. Chaka chatha anatenga chithunzi chili pamwambachi, chimene a Yeremiya anatichotsera m'kaseti ija, n'kuchiika mu foni yake, imene amati imakonza zithunzi zakale. Munatuluka mayi wokongola, wa khungu losalala ndi mano ogundana, munthu amene sanasenzepo batire chibadwire. Madalena atamuona analira. Adelino analamula kuti afufutidwe. Keti anakana, akuti agogo ake ndi amenewo chifukwa ndiwo akuoneka. Sindinamukalipire. Ndikanamupatsa chiyani m'malo mwake? Inenso, amake Adelino, ndikuululireni: ndikatseka maso kuti ndikuoneni, kaseti ija ndiyo imabwera, ndi mzere wake woyera. Kachipsera kaja ndikudziwa kuti kanalipo, koma sindikumbukanso ngati kanali kumanja kapena kumanzere. Mlongo wanu Leonardo akuti kumanzere. Madalena akuti kumanja.

Kamera yoposa ija ndinagula. Imakwana m'dzanja, siifuna wosenza batire. Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi tinanyamula mpando wanu kupita nawo pansi pa mango uja. Madalena anatulutsa yunifomu yanu m'sutikesi, anaisita, n'kuiyala pampandopo. Ndinaimika kamera ndipo Adelino anaima pambali kutchula mayina a makolo anu. Anatchula anayi. Leonardo anaonjezapo limodzi. Inu munkatchula asanu ndi anayi. Nthawi yotsalayo kamera inangojambula mpando. Chithunzi chake n'choyera moti ulusi uliwonse wa kolala ukuoneka, pamodzi ndi pamene munasoka ndi ulusi wosiyana mtundu, ndi nyerere imene inakwera mwendo wa mpando. Maminutu asanu aja ndabweza, osachotsapo segundu. Ndikudziwa kuti ndabweza kwa mpando.

Okulirani ndife: ine mwamuna wanu, ana anu Adelino ndi Madalena, mlongo wanu Leonardo, mdzukulu wanu Keti, ndi amayi anzanu a mpingo amene mpaka lero amasiya malo anu pabenchi yachiwiri. A Nelsa a ku Nkholongue akuti ndikuuzeni kuti mwana munamudzutsa uja tsopano ndi mphunzitsi.

Ndikamajambula ndimayendabe pang'onopang'ono kuti chingwe chisakukokeni. Nkhope yanu ikutithawa, amake Adelino, koma inu sitidzakuiwalani.