Mbale za Amuna Anga Zikutsukidwa kwa Dyness

Aphungu,

Mtima ukundiwawa, ndipo nkhaniyi ndikuchita nayo manyazi kuuza amayi anga. Ndatha miyezi isanu pabanja ndi a Fabian, kalipentala wa ku Kalingalinga. Ine ndimagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika wa Mtendere, ndiye ndimaphikiratu m'mawa, iwo amabwera kudzadya masana.

Pa kichini pate yanga, phwando la mphatso lija ukwati usanachitike, azakhali anandipatsa maikulowevu, makina otenthetsera chakudya. Alangizi nawo anandipatsa mbale ziwiri zachitsulo zovindikira, n'kundilamula kuti chakudya cha mwamuna chisalowe m'mbale ina. Lamlungu loyamba ndinaika nyemba m'mbale zomwezo n'kulowetsa m'makinamo. Moto unathetheka ngati kwa owotcherera zitsulo, ine ulendo wa panja. A Fabian atakonzetsa makinawo ndinayesa kontena ya majalini. Inapindika, nkhuku ili zii m'kati, ndipo a Fabian anatsegula m'mimba masiku awiri.

Tsopano masana amanyamula mbale zanga kukatenthetsa chakudya kwa Dyness, neba wathu wosakwatiwa, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga m'mawa mokha. Nditafunsa anandiyankha kuti, "Iwe naiwe, ba Dyness baziba makina, vakudya vimapya mpaka mukati." Mbalezo zimabwera zotsukidwa, zikununkhira sopo amene ine sindigula. Dzulo zinabwera muli chikanda chimene ine sindinaphike.

Aphungu, mkazi wina azitsuka mbale za amuna anga ine ndili moyo? Ndimachita kumumva akuseka kuseri kwa khoma. Ndikamuyambe?

S. M.,
Mtendere, Lusaka

Mayi S. M.,

Musakayambe munthu. Nsanje yanu ndikuimvetsa, chikanda chija nanenso sichinandisangalatse, koma amene analambula njira yopita kwa Dyness ndi nkhuku yozizira ija.

Alangizi anu amadziwa za pambaula, za magetsi ayi. Chitsulo sichilowa m'maikulowevu, kaya ndi mbale, supuni kapena pepala lonyezimira lokulungira chakudya. Kontena ya majalini muzisungiramo mchere basi. Tenthetsani m'mbale yagalasi, muvindikire ndi inzake n'kusiya kampata kotulukira nthunzi. Nyama muiduledule kaye. Nthawi ikafika theka imitsani mutakase, chifukwa makinawa amatenthetsa m'mbali n'kusiya pakati. Akalira, dikirani mphindi ziwiri, ndipo chakudya chitenthe paliponse, osati pamwamba pokha. Chimene mwatenthetsa kamodzi musadzachitenthetsenso mawa. Chophika m'mawa chidikire mufiriji, osati patebulo ndi kutentha kwa Okutobala kuja. Mukatha khuthulirani m'mbale za alangizi zija, mwambo wasungika.

Zimenezi muwaphunzitse a Fabian. Munthu wogwira makina ochekera matabwa tsiku ndi tsiku, mabatani atatu sangamukanike. Muwauzenso mosapsatira, koma osati mokalipa, kuti mbale zikamatuluka m'nyumba inu zimakupwetekani. Mwina iwo akungoganiza za m'mimba mwawo, sakudziwa kuti mukudwala nazo mtima.

Chenjezo langa nali. Ngati makinawo mukuwaopabe, mezani malovu, mupite nokha kwa Dyness Loweruka, mukamupemphe adzakuonetseni m'khitchini mwanu, inu mwini muli pomwepo. Mukanyada, sukuluyo ipitirira ndithu, kungoti wophunzira adzakhala a Fabian, inu muli kumsika.

Aphungu