Kuwerengera aPhunzi za Nyenyezi

Lolemba, 9 Juni

Ndasiyanso makina osokera kuti ndiwerengere aPhunzi buku lawo la sayansi. Maso a amuna angawa atha, tisanamizane. Dokotala anati mtsempha ukufa, palibe chobwezera. Kusukulu sakudziwa. Ine ndimawerenga mokweza, iwo amaloweza, mawa lake n'kukaima pamaso pa ana buku lili m'manja ngati akuliona. Zikadziwika ntchito yatha, ndipo nyumba ya sukuluyi tituluka.

Sabata ino ndi nyenyezi. Pa "hayidulojeni" lilime langa linakana, iwo kuseka mpaka kutsokomola. "Mayi, zaka zonsezi muli ndi mphunzitsi m'nyumba?" Ndinati asandipute, ndingawawerengere zabodza.

Lachiwiri, 10 Juni

Kani nyenyezi siyaka ngati nkhuni. Pakati pake pamapanikizika ndi kutentha koopsa, mpaka tinthu ta hayidulojeni timagundana n'kuphatikana kukhala hiliyamu. Pophatikanapo m'pomwe pamachokera kuwala ndi kutentha. Kulemera kwake kumaikokera mkati, kutenthako kumakankhira kunja. Bola ziwirizi zikulimbana, nyenyezi ilipo. Dzuwa lathuli chimodzimodzi.

APhunzi athira tiyi patebulo, kapu ili pambali. Ndangopukuta n'kuwathirira wina.

Lachitatu, 11 Juni

Diresi la eni ake silinathe. Mutu waa.

Lachinayi, 12 Juni

Takangana. Ndati tikawauze tokha ahedi a sukulu za masowa, tisanachite manyazi. Iwo: "Mutu wanga uli bwinobwino, mayi. Ana amamva ndi makutu." Makani ngati amenewa sindinawaone.

Kenako ndinawerengabe, nanga ndikanatani. Hayidulojeni ikatha pakati, nyenyezi imafufuma n'kufiira, n'kuyamba kuphatikiza hiliyamu yemwe uja kukhala kaboni. Zikuluzikulu zimapitirira, chotsala chilichonse n'kusanduka chakudya, mpaka pakati padzaze chitsulo. Chitsulo sichitulutsa mphamvu, chimangodya. Pamenepo nyenyezi imagwera mkati mwake n'kuphulika.

Anati ndibwereze za chitsulozo. Ndinabwereza. Ndakwiya nawo, komanso ndili ndi mantha.

Lachisanu, 13 Juni

Anaiwala mankhwala a m'maso, ndinawatengera kusukulu. Ndinaima pawindo kudikira kuti amalize.

Amaphunzitsa bwino bambo amenewa, kalasi yonse makutu tcheru. Koma pabolodi panali samu za mphunzitsi wina zosafufuta, iwo akujambula nyenyezi yawo pamwamba pa manambalawo. Ndipo kumbuyo, pabenchi ya ana, panakhala ahedi. Analowa mwakachetechete pofuna kuonera phunziro.

APhunzi analoza komweko. "Iwe wamtali kumbuyoko, wangoti duu. Imirira. Pakati pakadzaza chitsulo, nyenyezi imatani?"

Palibe mwana anaseka. Bola akanaseka.

Ahedi anaimirira pang'onopang'ono. "Imagwa, aphunzitsi."

APhunzi mawuwo anawazindikira. Anangoima, dzanja la choko lili m'mwamba. Ine ndinabwerera kunyumba ndi mankhwala aja m'manja, ndikulira njira yonse ngati mwana.

Loweruka, 14 Juni

Sanadye. Akhala pampando tsiku lonse atavala tayi.

Lolemba, 16 Juni

Ahedi abwera okha m'mawa, ulemu wonse, chipewa m'manja. Akuti aPhunzi apume kaye. M'nyumba muno tikhale mpaka teremu ithe. "Kaye" ameneyo tonse tamumva tanthauzo lake.

Atachoka, aPhunzi anafufuza nsapato pansi pa bedi. Ndinati mukupita kuti. "Ndikatsanzike ana. Sindinawauze zomwe zimatsala nyenyezi ikaphulika."

Tinatuluka dzuwa likuswa mtengo, akazi a aphunzitsi anzawo ali pakhonde kutiyang'ana. APhunzi patsogolo, mutu m'mwamba, monga mwa masiku onse. Pachipata anaima.

"Mayi, ndigwireni dzanja. Sindikuona njira."

Aka n'koyamba kunena ndi pakamwa pawo. Ndinawagwira.