Zala Zikakwane Zisanu

Chiputula, Mzuzu
14 Juni

Okondedwa Achemwali a Bridget,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa mayi uja unasiya kutupa? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno sikuchita masewera.

Papita miyezi iwiri chitulukireni kundende. Zikomo chifukwa cha sopo ndi makalata aja. Zaka zitatu zonsezi panalibe wina wondilembera koma inu. Kuno amati yewo chomene, ndipo ndikuona kuti zikomo yekha wachepa.

Ndapeza ntchito ku Katawa kwa a Sekani, yokonza njinga za kabaza. Amandiseka ndi Chitumbuka changa chopotoka, koma pa kuwongola limu sanditsutsa. Atandifunsa komwe ndinaphunzira, ndinati kwa bambo anga ku Luchenza. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Inu ndikuuzani.

Chaka chachiwiri, nditamenyana ndi mkaidi mnzanga, ananditsekera m'kachipinda ndekha masabata asanu ndi limodzi. Achemwali, munalibe zenera, kabowo kokha pachitseko. Sabata isanathe ndinayamba kuyankhana ndi khoma, ndipo ndinaopa kuti mutu ukuzungulira.

Chinandipulumutsa ndi nzeru ya a Overtoun, mkulu wina wa ku Nkhata Bay amene tinkagona moyandikana ndisanalowe mmenemo. Ankati munthu uziwerenga zala zako kangapo masana, n'kumadzifunsa ngati ukulota. Chizolowezicho chimakutsatira kutulo, ndipo kumeneko zala sizikwana bwino: mwina zinayi, mwina zisanu ndi ziwiri. Ukangozindikira kuti awa ndi maloto, osadzidzimuka, umapita komwe ukufuna. Ndinkawaseka mkuluyo. M'kachipinda muja kuseka kunatha, ndinayamba kuwerenga, ndipo sabata yachitatu zinatheka.

Musawauze amayi a kutchalitchi, angati Cosmas anakaphunzira kutamba. Si ufiti ayi, thupi langa linali pa simenti pomwepo.

A Overtoun ankati iwo amapita kukaona ana awo kusukulu. Ine ndinkapita malo amodzi okha: pansi pa mbawa pamene bambo amakonzera njinga. Ndinkakhala pa kachitini kaja, kuwapatsira sipanala, kuwaona akumanga masipoko. Zimene ndinkazithawa ndili mwana zinabwerera zokha m'manja. Kenako ndinkawachititsa kuti atembenuke, andiitane dzina, andiuze kuti ndafika bwino. Ndikadzuka ndinkakhala ndi mphamvu yopirira tsiku lina.

Koma inu munalipo panja pa khoti, nditavulaza munthu uja ku bala, pamene bambo ananena kuti alibenso mwana wamwamuna. Amenewo ndiwo mawu awo omaliza kwa ine. Okoma aja anali anga, ndinkangowaika m'kamwa mwawo. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha maloto amenewo, koma chitulukireni ndasiya kupitako. Ndikumva manyazi kumayankhulitsa bambo anga zimene sananene.

Pempho langa ndi limodzi. Mukawapeze ali okha, osati pamaso pa makasitomala, muwafunse ngati angalole kuti ndibwere mwezi wa Ogasiti. Musawanyengerere, ndipo yankho lawo musalithire shuga pondilembera. Akati ndibwere adzandikalipire, ndibwera. Akati ayi, ndidikira chaka china. Madzi saiwala khwawa.

Mupereke moni kwa mayi, kwa alamu, kwa azakhali a Judith, ndi kwa Tina amene ndinamusiya akukwawa. Kwa bambo mupereke moni ngati angaulandire.

Akadzalola, mukadzandiona nditaima pa mbawa paja ndikuwerenga zala, musadzandiseke. Ndidzakhala ndikufuna kuona kuti zakwana zisanu, ndi kuti amene akuyankhulawo ndi bambo enieni.

Ndine mlongo wanu wothokoza,
Cosmas