Makina Ogoneka Mwana

Amayi okondedwa,

Landirani moni wochokera kwa ine mwana wanu. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Kuno tikudzuka bwino, mdzukulu wanu wayamba kumera mano, koma ine mtima suli m'malo.

Paja ndinabwerera kuntchito yanga yochapa zovala pachipatala, ndiye masana mwana amatsala ndi akamwini anu, poti iwo ntchito yawo ya pakompyuta amagwirira m'nyumba. Mwana akalira, m'malo momunyamula, apanga makina. Amangirira maikolofoni pakabedi kake, chingwe n'kupita kukompyuta. Phokoso likamakula, pakompyutapo kachizindikiro kamakwera. Kakangodutsa mzere wofiira, kainjini kamayamba kugwedeza kabedi, sipika n'kumaimba nyimbo yotonthoza mwana.

Mawu a m'sipikamo si anga ayi. Ndi a mayi wina wa khomo loyandikana nafe, woimba kwaya. Nditafunsa, akuti anajambula iyeyo chifukwa ine ndinali kuntchito, komanso mawu ake ndi osalala. Osalala! Ndiye anga ndi a chule? Nsanje yandigwira amayi, sindikubisirani. Mayiyo akandipeza poyanika zovala amandifunsa kuti mwana wathu wagona bwanji. Wathu ndi ndani? Ululu wa pobereka tinagawana?

Chandipweteka kwambiri n'cha Lamulungu lapitali. Ndinamunyamula mwana n'kuyamba kumuimbira ndekha. Mawu anga mukuwadziwa, ndinatengera inu, amamveka mpaka kumsewu. Ndisanafike patali, kabedi kopanda munthu kanayamba gwedegwede, mayi uja n'kundilanda nyimbo m'sipika. Makinawo ankayesa kuti mwana akulira. Mwana anachotsa maso pa ine n'kutembenukira kusipika, uku akumwetulira. Ndinalira mokweza, ndiye makina aja anayambanso kunditonthoza ine.

Akamwini anu anaseka mpaka kugwira nthiti. Akuti kompyuta siisiyanitsa kulira ndi kuimba, imangoyeza kukula kwa phokoso basi. Anati aukweza mzerewo kuti ndiziimba momasuka. Ndinakana, chifukwa akaukweza mwana azichita kung'amba kukhosi kuti makina amumve. Ndinafuna kungozula chingwe, koma masana ndi makina omwewo akumugoneka, ndipo ntchito sindingaisiye. Ndinawauza kuti ajambule mawu anga achotse a mayiyo. Akuti achita, koma mpaka lero akungoti mawa, ati mwana anazolowera kale.

Ndikuopa kuti mwanayu poyamba kulankhula adzaitana mayi wolakwika.

Pempho langa ndi limodzi. Pali kanyimbo kaja munkandiimbira ndikadwala malungo, kapansipansi, pakamwa panu pali pakhutu langa. Mawu ake ndaiwala, ndangotsala ndi kamvekedwe. Muwauze achimwene akujambuleni pafoni anditumizire. Sindikapereka kwa akamwini anu ayi, kameneko sikalowa m'sipika. Ndikufuna ndikaphunzire ndekha, ndizikaimba pansi pa mzere wofiira uja, makina asakamve, azikamva mwana yekha.

Mundiperekere moni kwa ababa, achimwene ndi alamu anga, azakhali, ndi ana onse. Amalume muwauze kuti mankhwala a maso aja ndawapeza, abwera ndi munthu.

Ndine mwana wanu waphokoso uja,
amene akuphunzira kunong'ona m'nyumba mwake.