Mazira a Nsomba Amene Atate Akufuna

Amayi, kodi mwadzuka bwanji uko muliko? Kuno ku Kabwata tilipo. Mpongozi wanu Tisa wabereka mwana wamkazi, ndipo mphuno yake ndi yanu yeniyeni, sitinachite kufunsa. Maungu munabzala kuseri aja ayanga mpaka kwa aneba, moti akuthyola chibwabwa osapempha. Ndangowasiya, mphamvu zokangana ndilibe.

Chandilembetsa ndi atate. Sakudya, Amayi. Chichokereni inu, mbale imabwerera momwe yapitira, ndipo lamba wawo taboola kale mabowo ena awiri. Kukiliniki akuti matenda sakuwaona. Inu munkati wodwala sakalipiridwa, amanyengereredwa, koma ine ndanyengerera mpaka mawu andithera.

Sabata yatha anatchula okha chimene mtima wawo ukufuna: mazira a nsomba, momwe munkakonzera inu. Ndinakondwa kwambiri, ngakhale ndinadabwa, chifukwa sindikumbukira tsiku limene tinadyako mazira a nsomba pakhomo pathu. Ndinazungulira msika wonse wa m'tauni. Amayi ogulitsa anandiseka, akuti ino ndi nyengo yoletsa kugwira nsomba, za mazirazo ndidikire Malichi. Atate sangafike Malichi akumwa tiyi yekha.

Adona amene ndimawaphikira ku Kabulonga ataona nkhope yanga anandifunsa, ndipo ndinawauza. Anatsegula firiji n'kundipatsa kabotolo ka mazira a nsomba yakunja yotchedwa salimoni. Ndi ofiirira, onyezimira ngati mikanda, ndipo iwo amadya osaphika, pamwamba pa kabuledi, alendo akabwera. Anandichenjeza kuti ndisawaike pamoto. Koma Amayi, ine mwana wanu, kupatsa atate nsomba yaiwisi? Ndinawakazinga ndi tomato ndi anyezi. Anaphulika m'poto, otsalawo anayera n'kulimba gwa, mchere wake wosaneneka. Ndinalira nditagwira chipande.

Ndinapereka choncho, popeza china panalibe. Atate analawa kamodzi, anaika supuni pansi, n'kuyamba kuseka, kuseka koyamba chichitikireni maliro anu. Kenako anakuululani. Akuti mukatumbula nsomba n'kupeza mazira, munkawakulunga m'tsamba la nthochi, n'kuwaika m'mphepete mwa mbaula. Akapsa, ife ana munkatituma kukagula machesi, inu awiri n'kudya muli chiimire kuseri kwa chitseko. Zaka zonsezo ine ndinkangoti nyumba yathu imatha machesi msanga. Ndinu akuba, Amayi, nonse awiri.

Ndinawauza kuti Malichi akafika ndidzafuna tsamba la nthochi, ndidzachita chimodzimodzi. Anapukusa mutu.

"Si mazila yamene nifuna, mwana wanga," anatero. "Nifuna aja enze kuniitana kuseli kwa chitseko."

Nanga pamenepa nditani? Ndaphikira anthu a mitundu yambiri, zakudya zina zimene sindidziwa n'kutchula komwe, koma ichi chandikanika. Ndikuchita mantha. Ndimawayang'ana akuchepa m'malaya awo.

Ndikukulonjezani chimene ndingathe chokha. Mbale ndiziika pamaso pawo tsiku lililonse, ndizikhala nawo pomwepo mpaka chakudya chizizire, ndipo sindidzawakalipira. Koma inunso ndithandizeni. Ndikudziwa mwawasowa, ndipo ndikudziwa kuti mukangowaitana sachedwa. Chonde, Amayi, musawaitane msanga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati